Mpira wa Atsibweni m'Chitedze

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadzisenzetsa mlandu umene akuluakulu a pa Ulongwe anali ataulephera kwa zaka zambiri: pakati pa bambo anga ndi atsibweni anga, katswiri weniweni wa gofu anali ndani?

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Gofu ndi ife olima thonje ndi nandolo zikukhudzana pati? Ngakhale lero ndikanena kumjigo kuti bambo anga anatilera ndi gofu, amayi anzanga amandiyang'ana ngati ndanena kuti ankayendetsa ndege. Koma ndi mmene zinalili, ndipo malata amene ndinakulira pansi pake anagulidwa ndi kampira koyera.

Kwa amene simunawaonepo, masewerawa savuta kumva. Pali kampira kolimba ngati mwala, kocheperako pang'ono poyerekeza ndi dzira la nkhuku. Umakamenya ndi ndodo ya mutu wachitsulo kuchokera kutali mpaka kakalowe m'kadzenje, ukatero upite padzenje lina. Amene wamaliza maenje onse atamenya kochepa ndiye wapambana. Basi. Zotsalazo ndi malamulo ndi makani.

Atsibweni anga, a Rafaelo, achimwene awo a amayi, anathawa khasu ali mnyamata n'kupita ku Zomba. Kumeneko anapeza ganyu yonyamula zikwama za ndodo za mabwana pabwalo la gofu, ndipo anakumana ndi mnyamata wina wa ku Phalula, dzina lake Disimasi, wonyamula zikwama mnzawo. Ankagona m'kachipinda kamodzi. Tsiku limene mabwana sankabwera, anyamata onyamula ankaloledwa kusewera, ndipo awiriwa ankabwerekana tindodo takutha timene bwana wina anataya. Chaka china pa Khirisimasi a Rafaelo anabwera naye mnzawoyo kumudzi. Mnzawoyo anaona amayi anga akupeta mpunga pakhonde, ndipo chaka chotsatira anabweranso yekha osadikira kuitanidwa. Amenewo ndiwo bambo anga.

Onse awiri anakula n'kusiya kunyamulira ena. Anayamba kusewera mipikisano ya mphotho ngati ntchito yawo yeniyeni, ndipo ubwenzi wawo unayamba kuwawasa kuchokera pamenepo, pakuti chikho chimakhala chimodzi.

Atsibweni ankatchedwa Mzinga. Anali aatali, a chifuwa ngati chitseko, ndipo akamenya, kampira kankalira m'mwamba anthu n'kuika manja pachipumi kukasaka. Anatenga zikho zikuluzikulu. Anakwera ndege kukasewera ku Zambia ndi ku Kenya. Chithunzi chawo atanyamula chikho chinatuluka m'nyuzipepala, amayi n'kuchidula n'kuchimata ndi phala pakhoma la pabalaza, moyang'anizana ndi pamene bambo ankakhala pomwa tiyi. Koma Mzinga akaphonya ankaphonya zenizeni. Kampira kankapita m'nkhalango, mtima n'kuwapsa, mpikisano wonse n'kuthera pomwepo. Panali zaka zina zimene ankabwera kumudzi atavala suti, ndi zaka zina zimene ankabwera atagulitsa sutiyo.

Bambo ankatchedwa Telala. Anali aafupi, oyenda ngati akuopa kudzutsa mwana. Sankamenya patali, koma kampira kawo kankayenda molunjika ngati msoko wa makina, ndipo akayandikira dzenje sankaphonya. Malo oyamba ankawapeza mwa apo ndi apo. Kawirikawiri ankakhala achiwiri kapena achitatu, nthawi zambiri kumbuyo kwa mlamu wawo yemweyo. Koma sanabwerepo chimanjamanja. Timphotho tawo tating'ono tija ndi timene tinasanduka malata, njinga, ndi mbuzi zimene zinatiberekera mbuzi zina. Phewa litayamba kuwavuta anabwerera kumudzi kudzalima, ndipo atsibweni anatsala ku Blantyre, kumene ankaphunzitsa gofu ana a anthu olemera.

Sanamenyanepo, sanatukwananepo. Atsibweni akabwera ankadya mbale imodzi ndi bambo. Koma polankhula ankadutsira mwa amayi ngati pali mtsinje pakati pawo. Atakhala pamkeka umodzi, maondo ali pafupi kugundana, atsibweni ankati, "Achemwali, muwauze amuna anu kuti gofu ndi kumenya, si kusoka malaya." Bambo n'kuyankha, "Muwauze achimwene anu kuti kudzenje sikufika amene wathamanga, kumafika amene akudziwa njira." Amayi ankangopitiriza zimene akuchita.

Ngakhale anasiya mipikisano, bambo gofu sanaisiye. Kudambo, kuseri kwa munda wathu, anadzikonzera bwalo lawolawo. Maenje anali zitini za nsomba zokwiriridwa pansi. Pozungulira chitini chilichonse anathirapo mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi oilo wakuda wotsala kuchigayo, kuti mphepo isauuluze, ndipo asanamenye ankausalaza ndi kathabwa. Mbendera zake zinali nsanza za chitenje chakale cha amayi. Fungo la mchenga wa oilo utatenthedwa ndi dzuwa ndimalimvabe mpaka lero ndikadutsa pachigayo. Ine ndinayamba ndi kuthamangitsa mbuzi pabwalopo, kenaka kunyamula chikwama, kenaka bambo anandidulira ndodo imodzi yaifupi. Mwa ana onse, ndine ndekha amene ndinali ndi mtima woima nthawi yaitali osalankhula.

Chaka chimene ndikunenachi atsibweni anabwera pa holide, nthawi ya mwera, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Tsiku lachiwiri anandipeza kudambo ndikumenya ndekha. Anaima pansi pa mtengo wa mtondo n'kumandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi. Madzulo ake tikudya mbatata pakhonde anatsokomola n'kuyamba.

"Achemwali, Sisiliya ndimutenga. Manja ali nawo. Ku Blantyre akufuna atsikana ophunzira gofu, ndipo sukulu yabwino ili pafupi ndi kwanga. Pano akungotaya nthawi ndi mbuzi."

Kwathu kuno mawu a atsibweni pa ana a mlongo wawo ndi olemera. Bambo anali mkamwini, munthu wodzakwatira pamudzi, ndipo ankadziwa malire a pakamwa pawo. Anangoyang'ana mbatata imene inali m'manja mwawo n'kunena chapansipansi kuti, "Muwauze kuti manja amenewo sanagwe kumwamba. Alipo amene anawaumba."

"Muwauze kuti woumba mphika si amene amadziwa kuphika."

Apa amayi anaika mbale pansi. "Ine ndatopa ndi kukhala mlatho wanu. Mwana wanga si chikho chakuti muzilimbirana. Pakamwa ali napo. Sisiliya, iwe ukufuna chiyani?"

Sindinayembekezere kufunsidwa. Mumtima ndinali nditaona kale magetsi, nsapato zakuda za kusukulu, ndi buledi tsiku ndi tsiku. Koma bambo anali pomwepo, ndipo sindikanatha kunena kuti ndikufuna kuwasiya. Ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Ndinati, "Ndikhala ndi amene amaposa mnzake pa gofu."

Amayi anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Mwana iwe, waputa mavu."

Sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, choncho yankho linkafunika atsibweni asanabwerere. Ndinayamba kufunsa aliyense amene ankawadziwa. Anyamata a pasiteji ankati funsolo ndi lopanda pake, Mzinga anakwera ndege, Telala anakwera chiyani? Amayi ogulitsa tomato ankati mwamuna ndi amene wafolera nyumba, ndege sudya. Amayi anga nditawafunsa anati mmodzi anabadwa naye mimba imodzi, winayo anabereka naye ana, ndiye ndisawayese.

Pomaliza ndinapita kwa Che Amidu, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Ulongwe. Iwonso ananyamulapo zikwama ku Zomba nthawi imodzi ndi awiriwa, ndipo anawaona akusewera kuyambira ali anyamata. Anandimvetsera akumata chubu, osakweza mutu.

"Mwanangu," anatero, "ukafuna kuona zodabwitsa, tsata Mzinga. Ukafuna kudya madzulo, tsata Telala."

"Nanga woposa mnzake ndani?"

"Zikho zazikulu zili kwa atsibweni ako. Masiku amene anamaliza bwino ndi ochuluka kwa bambo ako. Mzinga pa tsiku lake palibe akanamugwira m'dziko muno. Koma tsiku lakelo linkabwera ngati mvula ya ku Balaka, sudziwa ngati igwa." Anapopa chubu n'kuiviika m'beseni la madzi. "Kodi manja awo anaduka? Bwalo lilipo kudambo. Asewere tione. Ine ndidzawerenga."

Sindinaganize kuti angavomere, koma onse awiri anavomera mofulumira kwambiri, ngati anthu amene akhala akudikira kuti wina anene. Atsibweni sanabwere ndi ndodo zawo, choncho anagwirizana kuti asewere ndi za bambo, chikwama chimodzi ngati kale, wonyamula n'kukhala ine. Atsibweni anatulutsa m'thumba kampira kawo kamene sankayenda osakatenga, kokhala ndi kadontho kofiira ka penti. Ka bambo kanali ndi kamtanda ka bolopeni.

Linali Loweruka m'mawa, mwera ukuwomba, udzu wa kudambo utauma mbuu. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene ndinkayembekeza, ambiri osadziwa n'komwe kuti akuonera chiyani. Che Amidu anawauza kuti munthu akamamenya pasamveke ngakhale chifuwa. Atsibweni anayang'ana zitini ndi nsanza zija n'kufunsa kuti, "Limeneli ndi bwalo kapena msipu wa mbuzi?" Bambo anati, "Mbuzi zake sizinadandaulepo."

Tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga zimene ndinkangomva. Atsibweni atamenya koyamba, phokoso lake linali ngati nsungwi yathyoka pamoto. Kampira kanakwera, kanakwerabe, n'kukagwa kutali kumene ka bambo kankafika atamenya kawiri. Anyamata anayamba kuvina, Che Amidu n'kuwaopseza ndi pampu. Ine ndinaona nsapato zakuda zija zikuyandikira. Koma tikafika pamchenga wa oilo zinthu zinkatembenuka. Atsibweni ankamenya mwamphamvu kampira n'kupitirira chitini. Bambo ankagwada, kusalaza ndi kathabwa kawo, kuyang'ana mbali iyi ndi iyo, kenaka kukhudza pang'ono chabe, kampira n'kumveka kakulira m'chitini. Dzenje ili Mzinga, lotsatira Telala. Anapita choncho mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo pofika padzenje lomaliza Che Amidu analengeza kuti palibe amene ali patsogolo.

Dzenje lomalizalo linali m'mbali mwa kamtsinje kouma. Pakati pa bwalo ndi kamtsinjeko panali chitsamba chachikulu chimene ana tonse tinkachidziwa ndi kuchizungulira patali, chifukwa chitedze chinali chitayanga ponseponse, zikhokhombe zake zaubweya zili lendelende. Bambo anamenya koyamba, kampira n'kukagwa pakati pabwino monga mwa nthawi zonse. Atsibweni anakoka mpweya n'kumenya ndi mphamvu zawo zonse. Kanakwera bwinobwino, koma mwera unakagwira m'mwamba n'kukakankhira kumanja, ndipo tonse tinakaona kakulowa m'chitsamba muja.

Che Amidu anafotokozera anthu lamulo. Kampira kakasowa, ndipo kosapezeka m'kanthawi kochepa kamene amapereka, mwini wake amabwerera pamene anamenyera ndipo amamuwonjezera chilango. Padzenje lomaliza, ndi munthu ngati Telala, ndiye kuti masewera atha.

Atsibweni anafika pafupi ndi chitsambacho, anasuzumira, anaona ubweya wa chitedze ukung'anima padzuwa, n'kubwerera m'mbuyo. "Mmenemo sindilowamo, ngakhale mutandipatsa ng'ombe."

Pa nthawi imeneyo ndinatembenuka n'kuona amayi ataima kumapeto kwa munda, mng'ono wanga Marita atagwira chitenje chawo. Kuseri kwawo kunkaoneka denga lathu ndi mtengo wa papaya umene ndinadzala ndekha. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinangozindikira kuti milomo yanga ikuyenda, ndikupemphera chamumtima kuti kampira kaja kasapezeke. M'mawa wonse ndinkafuna Blantyre. Tsopano Blantyre atalowa m'chitedze, ndinamva thupi langa likupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndi pamene ndinadziwa chimene ndinkafuna.

Kenaka bambo anavula chipewa n'kundipatsa. Anasolola ndodo imodzi m'chikwama n'kulunjika kuchitsamba.

"Abambo a Sisiliya, mwapenga kodi?" amayi anakuwa. "Ndi chitedze chimenecho."

Bambo sanacheuke. Pa gofu pali mwambo umene anandiphunzitsa ndisanadziwe n'komwe kugwira ndodo: kampira ka mnzako kakasowa, nonse mumafuna, ngakhale iwe amene kusowa kwake kukukomera, ndipo umafuna ngati ndi kako. Ndinkaudziwa mwambowo, koma sindinaganize kuti umafika mpaka m'chitedze. Tinamva masamba ouma akuphwanyika, nthambi zikugwedezeka, kafumbi kofiirira kakutsika pamutu pawo. Che Amidu anayang'ana wotchi yawo. Ine ndinafinya chipewa chija mpaka chinapindika.

"Kali kuno," mawu a bambo anamveka kuchokera mkati. "Kadutsa. Kali pamchenga wa mumtsinje, kadontho kofiira kali pamwamba. Muwauze azungulire njira ya mbuzi, kakumenyeka bwinobwino."

Atsibweni anazungulira n'kutsikira mumtsinje. Kuchokera pansi pamenepo mbendera sinkaoneka n'komwe. Anamenya, mchenga unauluka ngati ufa, kampira kanadumpha chitsamba chonse n'kudzagwa pambali penipeni pa chitini. Ngakhale amayi ogulitsa tomato aja anaomba m'manja. Che Amidu anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndi ameneyo Mzinga."

Bambo anatuluka m'chitsamba khosi ndi mikono zitayamba kale kutupa. Amene chitedze chinakugwiranipo mukudziwa kuti si kuyabwa wamba, ndi moto. Anayesetsa. Anafikitsa kampira kawo pamchenga wa oilo, anagwada, anasalaza ndi kathabwa. Kanali pafupi, mtunda umene ndinawaona akulowetsa tsiku ndi tsiku ngakhale akucheza. Koma ali pafupi kumenya, phewa linadumpha lokha ndi kuyabwa kuja. Kampira kananyambita mlomo wa chitini n'kuima kunja. Atsibweni analowetsa kawo. Anapambana ndi kumenya kumodzi kokha.

Ine ndinakhala pansi pomwepo, chikwama chili kumsana, n'kuyamba kulira. Koma palibe anandisamala, chifukwa bambo anali atang'amba kale malaya akudzikanda ngati afuna kudzisenda. Atsibweni ndi amene anandidzutsa. "Thamanga ukatenge phulusa, lambiri. Usabwere ndi madzi."

Nditabwera ndi phulusa m'lichero ndinawapeza awiriwiri mumtsinje muja, anthu ena atabwerera. Bambo anali atagwada pamchenga, atsibweni akuwakhula kumsana ndi mchenga wouma. Analandira phulusalo n'kupitiriza kukhula ndi manja awo akuluakulu aja. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawamva akulankhulana okha, popanda mlatho, ndiponso mopanda ulemu ngati anyamata.

"Disi, ndiwe chitsiru. Unalowerenji? Unali utapambana kale."

"Kupambana mpira wosowa? Kuti uzikauza anthu ku Blantyre kuti Telala anathandizidwa ndi mphepo? Iyayi. Ine ndimafuna ndikugonjetse ukuona. Khula apo, pansi pa phewa."

"Zaka zonsezi sunasinthe."

"Iwenso sunaphunzire kuyang'ana mphepo."

Atsibweni anaseka, kenaka anandiyang'ana. Anandiuza kuti chikho chija cha pachithunzi cha pakhoma pathu, chimene chinawatsegulira njira ya kunja, chinabweranso chimodzimodzi. Tsiku lomaliza la mpikisano anali awiriwa kutsogolo, kampira ka atsibweni kanalowa m'udzu wautali, nthawi ili pafupi kutha, ndipo amene anakapeza ndi bambo. Bambo akanangoyang'ana kumbali pang'ono, amene akanakwera ndege ndi iwowo.

"Usamunamize mwana kuti ndinakondwa," bambo anatero, nkhope ili mbuu ndi phulusa. "Tsiku limenelo ndinakalira kuseri kwa chimbudzi."

"Ndikudziwa. Ndinakumva."

Kukhula kunapitirira. Kenaka atsibweni anasasa manja n'kukhala pamwala. "Chabwino, Sisiliya. Unanena wekha kuti ukhala ndi woposa mnzake. Waona ndi maso ako. Tiuze."

Ndinapukuta mamina ndi mkono. Ndinati, "Mwapambana ndinu, atsibweni. Koma ine ndikufuna kutsala."

"Nanga mawu ako aja?"

Sindinakonzekere yankho. Linangotuluka mmene ndinkazionera. "Inu mumamenya patali, koma mpira wanu amakupezerani ndi bambo."

Ndinaopa kuti apsa mtima, pakuti Mzinga sankachedwa kupsa. Koma anaseka mpaka misozi, akumenya bondo. Bambo sanaseke, anangoyang'ana kumbali n'kumadzikanda pang'onopang'ono. Atsibweni anapisa m'thumba n'kutulutsa kampira ka kadontho kofiira kaja, n'kukaika m'dzanja langa. "Tsala. Koma sunga aka. Tsiku limene udzasinthe maganizo, udzabwere nako ku Blantyre, pakhomo panga padzatseguka."

Sindinapite nako. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndinakwatiwa konkuno, ndimalima nandolo ndi tomato n'kumagulitsa pamsewu. Patapita zaka, amene anapita ndi atsibweni ndi Marita. Gofu inamukana, koma sukulu inamukonda, ndipo lero ndi namwino mumzinda. Akabwera ndi galimoto ya amuna ake, ndimaona anthu akutiyang'ana awirife, ndipo ndimadziwa funso limene lili m'mitima mwawo, chifukwa ndi lomwe lija ndinkayenda nalo pa Ulongwe ndili mwana. Ena amalimba mtima n'kundifunsa ngati sindidandaula. Kunena zoona, tomato akavunda osagulidwa, maganizo amabwera. Koma sakhalitsa.

Chaka chatha amayi anadwala kwambiri. Marita ndi amene anadziwa msanga kuti ndi matenda anji, n'kuuza adokotala oyenera, n'kutumiza mankhwala. Ine ndi amene ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, ndi kuwamwetsa mankhwalawo akamakana. Amayi anachira. Mpaka lero sindikudziwa kuti anawachiritsa ndani pakati pa ine ndi Marita, ndipo ndinaona kuti sindikufunanso kudziwa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti anthu awiri akayenda njira imodzi, mmodzi ayenera kukhala wamkulu, ndipo ukangopeza woweruza wabwino akuuza. Tsopano ndimaona kuti zikho za atsibweni zili ndi zala za bambo, ndiponso kuti bambo sakanasoka bwino chotero pakanapanda Mzinga wowathamangitsa moyo wawo wonse. Ukachotsa mmodzi, winayonso wachepa.

Atsibweni anapuma ntchito ndipo anabwerera kumudzi. Nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. Mwera ukayamba amatengana ndi bambo kupita kudambo, wina akutsimphina, wina phewa lili lopendekeka, chikwama chimodzi. Chitsamba chija anachitentha kalekale, koma akafika pamenepo amaimabe n'kuyamba kukangana za tsiku lija. Bambo amati pakanapanda chitedze akanalowetsa. Atsibweni amati chitedze ndi chimene chinawapatsa chonamizira.

Kampira ka kadontho kofiira kali ndi ntchito yake. Ndimakaika m'chisa cha nkhuku, nkhuku n'kumayesa dzira lake, choncho siikira kutchire. Sabata yatha mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anakatulutsa n'kubwera nako kumene ndinkasankha tomato. Anali atamva agogo ake awiri akukangana, ndipo anandifunsa kuti, "Amayi, kodi agogo ati amaposa anzawo?"

Ndinamuuza kuti akabweze kampirako m'chisa nkhuku isanasokonezeke, akatero athamangire kudambo akawanyamulire chikwama. Ndinamuuzanso kuti kampira ka mmodzi kakasowa, asayang'ane kutchire. Ayang'ane winayo.